Khamu Lozondoka

“Ichi si changa,” anatero Aphunzitsi.

Anali asanalowe n’komwe. Anangoima pakhomo, kiyi ali m’manja, chipewa chili kumutu, maso ali pakhoma. Ine ndi Anamwino tinali kumbuyo kwawo tikupuma wefuwefu, poti chipinda chomwe timaphunziriramo kujambula chili pamwamba pa sitolo ya mapenti, ndipo masitepe ake ndi oimirira ngati makwerero.

Ndinasuzumira pansi pa mkono wawo. Chithunzi chinali pomwepo, pamsomali wake, chili chozondoka monga mwa masiku onse.

Chithunzicho n’chachikulu ngati chitseko chogonekedwa cham’mbali. Ndi khamu la anthu otsika sitima tsiku la mvula, koma si anthu oti mungakumane nawo pamsewu. Nkhope zawo n’zobiriwira, zina zapepo, makosi aatali ngati a mabotolo, kukamwa kuli yasa. Aphunzitsi amati sanajambule zomwe maso anaona, anajambula zomwe mtima unamva atapanikizika pakati pa anthuwo ali mnyamata.

Ophunzira tinalipo atatu: ine, Anamwino omwe anapuma ntchito kuchipatala, ndi mnyamata wokonza mawotchi pakhonde la positi, yemwe tonse timangomuti Wamawotchi. Tinkaphunzira penti wa mafuta pokopera khamulo, aliyense pa kansalu kake kakang’ono. Lamulo linali limodzi: chithunzi chimapachikidwa mitu pansi miyendo m’mwamba, ndipo nafenso timajambula chomwecho.

“Ukadziwa kuti iyi ndi mphuno, dzanja limajambula mphuno ya amalume ako,” ankatero Aphunzitsi. “Ukazondotsa, umangoona mtundu ndi mthunzi. Osapendeketsa khosi!”

Ine ndinapendeketsapo kamodzi. Pakona ya m’mwamba panali kachigamba kachikasu komwe kankandizunza, ndipo Aphunzitsi ankakana kundithandiza pamenepo. Nditapinda khosi ndinaona kuti ndi kamtsikana kovala diresi lachikasu, kakucheukira kumbuyo. Burashi inalira pathebulo kuti pha! Sindinayambirenso.

“Aphunzitsi, si chomwechi kodi?” anafunsa Anamwino.

“Ndati si changa. Wina wachotsa changa n’kupachikapo chake. Pasapezeke wokhudza kanthu. Ndikuitana apolisi.”

Kunena zoona, mtima wanga unadumpha ndi kachimwemwe. Moyo wanga wonse ndinkalakalaka chinsinsi chenicheni chitandipeza. Sindinadziwe kuti chikabwera chimasankha munthu woti chimulume.

* * *

Anabwera ndi Sajeni wachizimayi, wamtali, wotafuna kamtengo ka machesi, pamodzi ndi wapolisi wina wonenepa yemwe masitepe anamuthetsa mankhalu. Wamawotchi anafika pambuyo pawo, kagalasi kake koonera tizitsulo kakulendewera m’khosi. Ataona apolisi anaima chilili.

Sajeni anayang’ana khoma nthawi yaitali.

“Wakubayu wapachika mozondotsa,” anatero.

“Timapachika choncho dala,” anayankha Aphunzitsi.

“Oho. Ndiye kuti wakuba amadziwa mwambo wa nyumba ino.” Anasuntha kamtengo kupita mbali ina ya pakamwa. “Makiyi ali ndi ndani?”

“Ine, ndi mnyamatayu. Ndinam’patsa kuti azibwera akatseka benchi yake.”

“Wina wolowa muno?”

“Palibe. Akazi anga okha amabwera Loweruka kudzasesa ndi kutibweretsera tiyi. Iwo chithunzi sachiyang’ana n’komwe.”

Zinali zoona. Amayi, akazi a Aphunzitsiwo, ankasesa atafulatira khoma limenelo, n’kutsika osalankhula zambiri.

“Loweruka chinalipo chenicheni?”

“Chinalipo mpaka pomwe ndimatseka.”

“Nanga lero mwadziwa bwanji kuti si chanu? Kwa ine anthu onsewa akungooneka ngati adya zowola.”

Aphunzitsi anavula chipewa, n’kuchiyang’ana m’kati ngati yankho lili mmenemo.

“Fungo,” anatero. “Penti wakale sanunkha.”

Sajeni anayandikitsa mphuno n’kugwedeza mutu, koma ine ndinakayika. Chipinda chathu chimanunkha penti ndi thina wosungunulira pentiyo chaka chonse, mpaka achemwali anga amanditulutsira zovala panja. Munthu angamve bwanji fungo la chithunzi chimodzi ali pakhomo?

Anamwino sanadikire kufunsidwa.

“Ine, mwana wanga, musatayire nthawi pa ine. Taonani changacho. Anthu anga onse akuoneka ngati ali pamzere wa kuchipatala. Ndikanapachika chimenechi, ngakhale wakhungu akanakuwa. Dzulo ndinali kwa mpongozi wanga tsiku lonse, kumusambitsira khanda, poti atsikana a masiku ano amagwira mwana ngati akugwira foni.”

“Mwa atatunu, angajambule chotere ndani?”

“Aaa, ine sindikufuna kuipitsa mwana wa eni ake.” Anamwino anatsitsa mawu, koma kutsitsa kwawo kumamveka mpaka kumsewu. “Kungoti munthu wotola tizitsulo ta m’wotchi ndi kambano, manja ake sanjenjemera. Ndangonena za manja, sindinanene za mtima.”

Sajeni anatembenukira kwa Wamawotchi.

“Achimwene, dzulo masana munali kuti?”

“Kwathu.”

“Tsiku lonse?”

“Eya.”

“Anakuonani ndani?”

“Mawotchi.”

Wapolisi wonenepa anaseka. Sajeni sanaseke. Ine ndinayang’ana pansi, chifukwa ndinkadziwa kuti akunama.

“Iwe wa maso olota,” anatero Sajeni, “bwanji nkhope yagwa?”

“Palibe, amayi.”

“Ameneyu amakhala tsidya la msewu kwa achemwali ake,” analowerera Anamwino. “Zenera lake limayang’anizana ndi masitepe ano. Ndipo ndikuuzeni, si masitepe omwe amakhalira kuwayang’ana.”

Ndinalakalaka pansi patang’ambika. Kwa miyezi yambiri ndinkasunga chinsinsi changa ngati dzira, ndikuyesa kuti palibe akudziwa. Ndinali nditakwatiwa kale ndi Wamawotchi m’maloto, tili ndi nyumba ya mawotchi olira nthawi imodzi, pomwe kunja kwa maloto anali asanandiuzepo mawu opitirira “mundibwerekeko wofiira.”

“Dzulo unaona chiyani?” anafunsa Sajeni. “Ukandinamiza, m’galimoto muli malo a anthu awiri.”

“Ndinamuona akukwera,” ndinatero. “Dzuwa litapendeka.”

“Potsika ananyamula kanthu?”

“Sindinaone. Achemwali anandiitana kuti ndikaanule zovala.”

Wamawotchi sanandiyang’ane. Makutu ake okha ndi omwe ananjenjemera.

“Chabwino, ndinabwera,” anatero.

“Kudzatani?”

“Zimenezo sindinena.”

“Chithunzi chili kuti?”

“Sindikudziwa.”

“Mnyamata iwe,” anatero Aphunzitsi, “ndinakupatsa kiyi ngati mwana wanga.”

“Mutengeni,” Sajeni anauza mnzake uja. “Akaganize bwino m’chitokosi. Akapanda kukumbukira pofika mawa, akakumbukira pamaso pa woweruza.”

Ndinamva nsapato zawo zikutsika masitepe. Amene anam’pereka ndinali ine.

* * *

Sajeni anatsala, akuyendayenda m’chipindamo, kusuzumira kuseri kwa kabati ndi pansi pa thebulo. Aphunzitsi anakhala pazenera atatifulatira. Ine ndinaima patsogolo pa chithunzi chabodzacho chifukwa ndinalibe kwina koyang’ana, misozi ikulengeza.

Mwina ndi misoziyo yomwe inandithandiza.

Pojambula ndi penti wa mafuta, timayamba ndi penti wosungunula kwambiri ndi thina, wamadzimadzi, kuti tiike malo a chilichonse. Pentiyo amayenderera n’kusiya timizere, ndipo Aphunzitsi saloleza kutifufuta. Amatitcha misozi. “Isiyeni, khamu lopanda misozi ndi gulu la zidole,” amatero.

Ndinayang’ana misozi ya pachithunzi cha pakhoma. Kenako ndinayang’ana ya pa changa. Ndinabwereranso pakhoma.

“Amayi Sajeni,” ndinatero, “madzi amakwera khoma?”

“Ukufuna kunena chiyani?”

“Taonani changachi. Misozi ikutsika, kuchokera kumiyendo kupita kumitu, poti timajambula mitu ili pansi. Cha Anamwino chimodzimodzi. Cha Wamawotchi chimodzimodzi. Tsono onani ichi. Kadontho kali m’mwamba, mchira wake uli pansi. Misozi yake ikukwera.”

Sajeni analavula kamtengo kaja m’dzanja. Anatsata kamzere kamodzi ndi chala, osakhudza.

“Ndiye kuti wojambula ichi anachijambula mitu ili m’mwamba.”

“Eya. Ndipo ife sitinachionepo chili choncho. Wamawotchi akanajambula monga anaphunzirira.”

“Kapena ankachitembenuza akakhala yekha Lamulungu. Usathamange, chemwali, chikondi chimapunthwitsa.” Komabe maso ake anali atawala. “Tiyeni tizitembenuze zonse. Ndatopa kuyang’ana anthu kumapazi.”

“Ayi!” anakuwa Aphunzitsi.

“Bambo, mwandiitana nokha.”

Tinayamba ndi ting’onoting’ono tathu, kutitsamiritsa kukhoma motsatana. Kenako ine ndi Sajeni tinatsitsa chachikulucho n’kuchitembenuza. Kwa nthawi yoyamba khamu linaimirira pamaso panga. Ndinamva ngati anthu onsewo atulutsa mpweya nthawi imodzi. Uyu ndi bambo wa ambulera yothyoka, uyo ndi mayi wa dengu, awo ndi anyamata okankhana pakhomo la sitima. Tsitsi linandiimirira.

Kenako ndinaona chomwe chinkandisowetsa mtendere chiyambire m’mawa.

“Mwana palibe,” ndinatero.

Pa tithunzi tathu tonse titatu, pakona ya m’munsi, panali kachigamba kachikasu. Kwa Anamwino kankaoneka ngati dzira loswedwa, komabe kanalipo. Pachithunzi chachikulu panali mpata chabe, wotuwa ngati pansi ponyowa. Anthu a m’mbali anali atapatuka bwinobwino, ngati akusiyira malo munthu yemwe sanabwere.

“Wokopera saiwala chinthu chowala chotere,” ndinatero. “Wachisiya dala.”

“Mayo ine!” anafuula Anamwino. Koma sankayang’ana mpatawo. Anali atawerama pa chithunzi cha Wamawotchi, dzanja lili pakamwa. “Sajeni, bwerani mudzaone wakuba weniweni. Waba ndithu, koma waba china.”

Pakati pa bambo wa ambulera ndi mayi wa dengu, pomwe ife tinajambula nkhalamba ya chipewa, panali nkhope ya mtsikana. Inali yapepo ndi yofiirira, khosi lalitali, penti akadali wonyowa. Inali ndi mpata pakati pa mano ndi kachipsera pachibwano, komwe ndinadzitema ndi chitini ndili mwana. Maso ake ankayang’ana kunja kwa khamu, ngati munthu woyang’ana pazenera.

Ichi ndicho ankadzachita dzulo. Anandibisa m’khamu lozondoka, podziwa kuti palibe amaloledwa kupendeketsa khosi.

“Ndiye n’chifukwa chake wakana kunena,” ndinatero. “Mwaona? Mutulutseni.”

Sajeni anatenga kamtengo katsopano m’bokosi la machesi.

“Zokoma ndithu. Koma ine ndikuona mnyamata wodziwa kusintha anthu m’khamu. Wotha kuwonjezamo mtsikana angathenso kuchotsamo mwana.”

Apa m’pamene tinazindikira kuti Aphunzitsi achoka pazenera. Anali atagwada patsogolo pa chithunzi chachikulu, mphuno ili pafupi ndi nsalu, akuyang’ana mmene burashi inayendera pa ambulera, timikwasu tifupitifupi topita kumanzere. Nkhope yawo inali itatuwa ngati mpata uja.

“Sajeni,” anatero chapansipansi, “isiyeni nkhaniyi. Ndalakwitsa. Mutulutseni mnyamatayo.”

“Mwalakwitsa chiyani? Chithunzichi chasanduka chanu?”

“Ndangoti isiyeni.”

“Bambo, nkhani ya kupolisi si wailesi yoti mungozimitsa ikayamba kuimba nyimbo yosakukomerani. Mnyamata satuluka mpaka ndione chithunzi chenicheni ndi maso angawa. Mwaona chiyani pamenepo?”

Aphunzitsi anadzuka n’kubwerera pazenera.

* * *

Tinatsika kusitolo ya pansi. Sajeni anati chinsalu chachikulu chotere sichimera pamtengo, wina anachigula penapake. Sanandithamangitse, ndiye ndinam’tsatira.

Mwini sitolo ndi bambo wamfupi wa dazi, yemwe munthu aliyense kwa iye ndi kasitomala, ngakhale wobwera kudzafunsa njira.

“Takulandirani, kasitomala. Penti wa nyumba, wa zitseko, wa malata? Kupolisi kwanu kuja khoma lasuluka, ndimaliona ndikamadutsa.”

“Mnyamata wa mawotchi amagula chiyani kuno?”

“Ameneyo? Tichubu ting’onoting’ono, kamodzikamodzi, ndipo amakafinya mpaka kalire. Kasitomala wabwino, koma sanganenepetse munthu.”

“Anagulapo chinsalu chachikulu ngati chitseko?”

“Angachiike kuti? Kachipinda kake ndinakapenta ndine, ukagona miyendo imatsala panja. Chachikulu chotere ndimachita kuitanitsa, kasitomala. Chaka chino ndagulitsa chimodzi chokha.”

“Kwa ndani?”

“Kwa amayi a kunyumba kwa Aphunzitsi. Anati abambo awatuma. Ndinadabwa pang’ono, poti abambowo zinthu zawo amagula okha, ndipo burashi amayamba aikanda patsaya asanaigule. Koma kasitomala safunsidwa mafunso.”

“Anagulanso china?”

“Thina, maburashi, ndi penti mitundu yonse. Ayi, ndanama. Wachikasu anakana. Ndinawaikira chubu m’jumbo ndikuyesa aiwala, iwo anachitulutsa n’kuchiika pakauntala apa ngati chawaotcha.”

Sajeni anandiyang’ana. Ine ndinayang’ana pakhomo. Aphunzitsi anali ataima pamenepo, chipewa chili m’manja, ndipo zonse anali atamva.

“Akazi anga sanagwirepo burashi chimwalirire mwana wathu,” anatero. Sankauza ife. Ankadziuza okha.

* * *

Nyumba yawo ili kuseri kwa msika, m’kanjira ka mipanda ya maluwa. Tinayenda wapansi dzuwa lili paliwombo, Sajeni patsogolo, ine pakati, Aphunzitsi kumbuyo akukoka miyendo. Anamwino anatsala kulondera chipinda, ngakhale ndikudziwa kuti ankalondera ali pakauntala ya mwini sitolo.

Amayi anatsegula chitseko tisanagogode. Ndi mayi wochepa thupi, wa imvi za m’mbali. Ndinayang’ana manja awo, omwe ndinkangowaona atagwira tsache ndi fulasiki. M’mbali mwa zikhadabo munali mobiriwira.

“Mpaka apolisi?” anafunsa, akuyang’ana amuna awo.

“Tingalowe, amayi?” anatero Sajeni.

Sanatipititse pabalaza. Anatitsogolera kukachipinda ka kumapeto, n’kukankha chitseko. Munali kabedi kakang’ono koyalidwa bwino, kampando, ndi fungo la thina. Chithunzi chinali chitatsamira khoma, moyang’anizana ndi zenera, mitu ili m’mwamba.

Kamtsikana kanali pakona pake. Sikanali kobiriwira kapena kapepo ngati enawo. M’khamu lonse lopotoka lija, iko kokha kanali ndi nkhope ya munthu, masaya onona, sokosi imodzi itagwa. Kankacheuka ngati wina wakaitana dzina.

Aphunzitsi anatsala pakhomo, atayang’ana kudenga.

“Munachitenga liti?” anafunsa Sajeni.

“Dzulo m’mawa, awa atapita kukameta. Kiyi amasiya m’thumba la jekete. Ndinachita ganyu munthu wa ngolo, tinapititsa changa n’kubweretsa ichi.”

“China chija munajambula nokha? Popanda choonera?”

“Anthu amenewa ndimawadziwa ngati abale anga. Ndinkasakaniza penti wake ndine pomwe ankajambulidwa. Tinakumana kusukulu ya zojambula, ine ndi awa, ndipo asakunamizeni, wopambana ndinali ine.” Anamwetulira pang’ono, kumwetulira kosafika m’maso. “Khamu anajambula ndi iwo. Mwana ndinajambula ndine, ali moyo, atakhala pakampando ako, akugwedeza miyendo ndi kundifunsa ngati ndatha.”

“Tsono kuba chinthu chanu chomwe, chifukwa chiyani?”

“Mwana wanga wakhala chozondoka kuyambira chaka chomwe tinamuika m’manda. Mutu pansi, magazi onse kumutu. Loweruka lililonse ndimasesa pansi pake. Anthu achilendo amamuyang’ana ngati chigamba, kumafunsana kuti apa tisakanize chiyani.” Anandiyang’ana, ine ndinazyolika. “Ndinapempha kuti abwere kunyumba, anakana. Ndinapempha kuti angomuimika, anati ndi kaphunzitsidwe. Kaphunzitsidwe! Ophunzira akale ankajambula mabotolo ndi zipatso zili chilili, palibe anafa nazo. Ndiye ndinati, khamu lawo alisunge, alizondotse mmene angafunire. Mwana yekha abwere azigona kwawo.”

“Simunaganize kuti adziwa?”

“Adziwa bwanji? Munthu wozondotsa mwana wake kuti asamuone nkhope, angadziwe kuti wachoka? Ndinkati papita zaka asanazindikire.”

Sajeni anatembenuka pang’onopang’ono.

“Bambo, inu munandiuza za fungo. Mtsikanayu sanakhulupirire, inenso sindinakhulupirire. Munadziwa bwanji muli pakhomo?”

Aphunzitsi anapotokola chipewa mpaka chinasiya kuoneka ngati chipewa.

“M’mawa uliwonse ndikatsegula chitseko,” anatero, “ndisanavule chipewa, ndimayamba ndayang’ana pakona paja. Nkhope yake sindingaipirire, make mwana, ndinayesa, inandikanika. Koma kadiresi kake ndimakapatsa moni. Ndimati, wadzuka bwanji, mayi wanga. Lero ndapereka moni, panalibe woyankha.”

Kunja wina ankaitanira malonda a makala.

Amayi anapita pakhomo, nagwira amuna awo padzanja ngati akugwira mwana wokana kulowa m’kalasi.

“Bwerani mudzam’patse moni bwinobwino, bambo a mwana. Saluma.”

Analowa. Anatsitsa maso kuchoka kudenga pang’onopang’ono, kudutsa mitu yobiriwira, maambulera, madengu, mpaka pakona. Kenako anakhala pakabedi kaja, mapewa akugwedezeka. Ine ndinatulukira pakhonde, poti zinsinsi zina ngakhale ine ndimadziwa kuti si zanga.

Sajeni ananditsatira akupukuta m’maso, n’kumanamizira thina.

“Chithunzi cha anthu awiri, chili m’nyumba ya anthu awiri omwewo,” anatero mokweza kuti amve m’katimo. “Ine mlandu sindikuuona, kupatula wonditayitsa tsiku ndi wotsekeretsa mwana wa eni ake.”

“Kutsekeretsa ndani?” Amayi anatulukira pakhomo.

“Mnyamata wa mawotchi. Ali m’chitokosi chiyambire m’mawa.”

“Kalanga ine! Uja amandinyamulira ndowa pamasitepe? Bambo inu, dzukani! Mulira pobwera. Mukam’pepese ndi pakamwa panu, ine ndikumva.”

* * *

Wamawotchi anatuluka m’chitokosi lamba ali m’manja, nsapato zopanda zingwe, kagalasi kake kali m’thumba la pulasitiki. Aphunzitsi anapepesa nthawi yaitali, Amayi akuwakumbutsa mawu omwe ankalumpha. Wamawotchi ankangoti, “Palibe kanthu, palibe kanthu,” uku akuyang’ana nyerere. Kenako akuluakuluwo anatsogola, ndipo ndinaona Aphunzitsi akupatuka kulowa m’sitolo ya pansi paja. Anatuluka ndi chubu chimodzi chachikasu n’kuchiika m’dzanja la akazi awo. Amayi sanachibweze.

Ife tinatsalira pambuyo, pakati pathu pali mpata woti ngolo n’kudutsa.

“Pepani,” ndinatero. “Ndinakuperekani ndine.”

“Munanena zomwe munaona.”

“Inunso mukanangonena zomwe munkachita.”

“Pamaso pa Anamwino? Bola chitokosi.”

Tinayenda pang’ono. Nsapato zake zinkangoti khwepe khwepe.

“Tazitembenuza zithunzi zonse,” ndinatero.

Anaima. Makutu aja anayambanso.

“Zonse?”

“Zonse. Mphuno mwaikulitsa.”

“N’kovuta,” anatero. “Munthu ndinkangomuba ndi m’kona mwa diso, n’kukamujambula mutu pansi. Chilichonse ndinkachita kutembenuza m’maganizo.”

“Ndiye musiye kuba. Mawa ndidzakhala pampando, mutu m’mwamba, mudzakonze mphunoyo.”

Anaweramuka. Kwa nthawi yoyamba anandiyang’ana nkhope yonse, pamsewu, dzuwa likuswa mtengo, anthu akutigunda mapewa uku ndi uku. Ndipo panalibe chifukwa choti wina apendeketse khosi.